Ulendo wa Kumapiri: Mau kwa Mabanja ndi Achinyamata a ku Karonga ndi ku Chitipa

Ulaliki wa pa wailesi, pa chaka cha Maria Virigo Woyera kukacheza kwa Elizabeti, 31 Meyi. Mthenga Wabwino: Luka 1:39-56.



Abale ndi alongo anga okondedwa mwa Ambuye, inu nonse amene mwakhala pafupi ndi wailesi madzulo ano, kaya muli m'nyumba, kaya pabwalo, kaya pa bedi la chipatala, mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Lero moni wanga wapadera ukupita kwa akristu a kumalire a kumpoto kwa dziko lathu: inu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chilumba, kudzera pa Ngara ndi pa boma la Karonga, mpaka ku Kaporo ndi pa mlatho wa Songwe, ndiponso inu a kumtunda, ku Misuku, ku Kameme, pa boma la Chitipa, ku Chisenga, ku Wenya ndi ku Nthalire. Zimene ndilankhule zikhudza kwambiri moyo wanu. Koma inu a ku Dedza, a ku Zomba kapena a ku Nsanje musatseke wailesi, pakuti nkhani ya kuyenderana pa chibale ndi ya kulera achinyamata mu Eklezia ilibe malire.

Lero Eklezia akukumbukira ulendo wa mtsikana mmodzi. Mngelo Gabriele atamuuza Maria kuti adzakhala mayi wa Mpulumutsi, adamuuzanso kuti mbale wake Elizabeti, amene anthu adamuyesa chumba mpaka ukalamba wake, ali ndi pakati pa miyezi 6. Luka woyera akutiuza kuti Maria sadazengereze. Adachoka ku Nazareti, ku dera la Galileya, napita ku mudzi wina wa kumapiri a Yudeya. Mwambo wakale wa akristu umati mudziwo ndi Ain Karem, pafupi ndi Yerusalemu. Mtunda wake ndi wopitirira makilomita 120. Inu amene mumadziwa msewu wochokera pa Karonga kukafika pa Chitipa, umene uli ngati makilomita 100, taganizani: Maria adayenda ulendo woposa pamenepo, popanda basi, popanda njinga, ali ndi pakati poyamba. Adakafika, adalonjera mbale wake, adakhala naye miyezi 3, kenaka adabwerera kwao.

Nkhaniyi ndi yaifupi, ndipo mulibe chozizwitsa chooneka ndi maso. Palibe wakhungu amene adapenya, palibe mkate umene udachuluka. Pali mtsikana amene adapita kukaona wachikulire wa m'banja lake. Komabe Eklezia adaika tsiku lapadera lokumbukira ulendo umenewu, chifukwa ndiwo ulendo woyamba umene Yezu adayenda pa dziko lino. Asanalalike m'sunagoge, asanachiritse wodwala aliyense, Mwana wa Mulungu adayamba ntchito yake ndi kucheza kwa pa chibale, atanyamulidwa ndi wachinyamata.

MOYO WATHU WA TSIKU NDI TSIKU

Tiyeni tsono titsike kumapiri a Yudeya, tibwere kwathu. Mwezi uno ndi wa ntchito. Ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya mpunga wacha, ndipo fungo la Kilombero lamveka m'madambo monse. Amayi akuwerama ndi chikwakwa kuyambira mbandakucha, anyamata akukusa ng'ombe ndi ngolo, ana akuingitsa mbalame. Ku Misuku alimi akuyang'ana khofi wao pamene wayamba kufiira pa mitengo. Ku Chitipa chisanu chayandikira, ndipo anthu ali pa kalikiliki kukolola chimanga, nyemba ndi mawere. Pa nyanja asodzi akugona kunja ndi nyali zao kufuna usipa. Madzulo banja limasonkhana pa mbale ya kondowole, kapena pa mphika wa mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndi chikho cha chambiko pambali. Umenewu ndiwo moyo umene Mulungu adakupatsani, ndipo ndi m'moyo womwewu mmene akufuna kukupezani.

Dera lanu ndi lodala, komanso lili ndi mitanda yake. Mvula ikachuluka, mitsinje ya Songwe, Lufilya ndi Rukuru imasefukira, nkukokolola mbewu ndi nyumba. Ambiri mwa inu simudaiwale zivomezi za mu Disembala 2009, pamene mabanja ochuluka a ku Karonga adagona panja masabata angapo poopa kuti makoma angawagwere. Midzi ina ya kumapiri ili kutali ndi msewu, kotero kuti nthawi ya dzinja wansembe amalephera kufikako. Poona kutalika kumeneku, Papa Benedict XVI adakhazikitsa Dayosizi ya Karonga m'chaka cha 2010, poigawa kuchokera ku Dayosizi ya Mzuzu, nasankha Ambuye Martin Mtumbuka kukhala Episkopi wake woyamba. Cholinga chidali chakuti mbusa akhale pafupi ndi nkhosa. Koma abale anga, ngakhale Episkopi akhale pafupi chotani, sangathe kulowa m'nyumba iliyonse. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 365,000 m'boma la Karonga ndi pafupifupi 235,000 m'boma la Chitipa. Ansembe ndi owerengeka. Ngati Yezu ati afike pa khomo lililonse, payenera kupezeka miyendo ina yomunyamula.

NJIRA ZIKUMERA UDZU

Makolo athu ankadziwa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ankadziwanso kuti njira yopita kwa mbale ikaleka kupondedwa, imamera udzu. Kale munthu akamaliza kukolola ankamanga kamtolo ka mpunga kapena ka mawere, nkutenga nkhuku, nkuyenda masiku awiri kukaona azakhali ake. Sankadikira maliro. Ankapita kuti akaone ndi maso ake ngati denga likudontha, ngati nkhokwe ili ndi chakudya, ngati ana akukula bwino.

Lero zinthu zasintha. Ana athu ambiri ali ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre. Ena adawoloka Songwe kupita ku Kyela ndi ku Mbeya. Ena ali ku Dar es Salaam, ena ku Johannesburg. Sindikuwadzudzula. Adapita kukafuna sukulu ndi ntchito, ndipo ambiri a iwo amakumbukira kwao. Foni ya m'manja yatithandiza: mwana amaimba kuchokera kutali, amatumiza ndalama pa foni pomwepo, mayi nkugula feteleza kapena mankhwala. Tithokoze Mulungu chifukwa cha nzeru zimenezi. Koma foni ili ndi malire ake. Mukawafunsa agogo pa foni kuti ali bwanji, adzakuyankhani kuti ali bwino, chifukwa safuna kukudandaulitsani. Foni siikuonetsani kuti miyendo yao yatupa, kuti mtsuko wamadzi wakhala wouma masiku awiri, kuti mdzukulu amene mudawasiyira adaleka sukulu mwezi watha. Ndalama imagula bulangete, koma wokalamba amafunanso wina woti akhale naye pa mphasa, amve nkhani zake, ngakhale zikhale zomwe adazinena kale kakhumi.

Chomvetsa chisoni kwambiri nchakuti udzu ukumera ngakhale pa njira zazifupi. Pali abale a bere limodzi amene nyumba zao zikuonana, koma padapita zaka asanadyere pamodzi, chifukwa cha malire a munda wa mpunga, chifukwa cha ng'ombe za malowolo, kapena chifukwa cha mau amene adalankhulidwa pa maliro. Pali nkhalamba zimene anthu amaziopa kuziyendera chifukwa wina adazinena kuti ndi mfiti. Abale anga, pano ndilankhule mosabisa. Kumutchula munthu wokalamba kuti ndi mfiti, kumusala, kumuthamangitsa kapena kumumenya, ndi tchimo lalikulu pamaso pa Mulungu, ndiponso ndi mlandu pa malamulo a dziko. Mkristu amene amalandira Ukaristia Lamulungu m'mawa, madzulo ake nkukatola mwala woti agende agogo ake, wanyoza Thupi la Ambuye limene walandira. Buku la Mphunzitsi Sira, pa mutu 3, limatilangiza kuti tisamale bambo wathu pa ukalamba wake, ndipo tisamunyoze ngakhale nzeru zake zitayamba kuchepa. Yakobe woyera, pa mutu 1 ndime 27, amayesa chipembedzo choona ndi muyeso wa kuyendera amasiye m'masautso ao. Ndipo pa Mateyo 25 Ambuye adatichenjezeratu kuti pa tsiku lomaliza adzatifunsa ngati tidawayendera pamene ankadwala.

MMENE MARIA ADACHEZERA

Pali kucheza komanga ndi kucheza kopasula. Tiyeni tione mmene Maria adachitira.

Poyamba, adapita msanga. Akadafuna zifukwa zokhalira, zidalipo zambiri: njira njaitali, iye mwini ali ndi pakati, ndipo nkhani yake ndi Yosefe idali isanalongosoke. Ife timati tidzapita tikakolola, tikakolola timati tidzapita tikagulitsa, tikagulitsa timati ndalama zachepa. Potsiriza timapita ndithu, koma titanyamula bokosi. Ndalama zimene zidasowa za ulendo wokaona munthu wamoyo zimapezeka tsiku limodzi pa ulendo wokamuika m'manda. Ngati muli ndi mayi, bambo, malume kapena azakhali amene simudawaone chaka chonse, musadikire uthenga wa maliro.

Chachiwiri, Maria ndiye adayamba kulonjera. Iye adanyamula Mfumu ya mafumu, komabe adadzichepetsa pamaso pa wachikulire. Inu amene mwaphunzira, inu amene mwabwera kuchokera ku tauni ndi nsapato zonyezimira, musaiwale kugwada ndi kuomba m'manja monga mwa mwambo wa kwanu. Musaiwalenso chilankhulo cha amayi anu. Boma la Chitipa lidadalitsidwa ndi zilankhulo zambiri: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyika, Chimambwe, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zina, ku Karonga kuli Kyangonde ndi Chitumbuka. Mlendo amene amalonjera mwini nyumba m'chilankhulo chake watsegula kale theka la chitseko. Luka akuti pamene moni wa Maria udamveka, mwana adatakataka ndi chimwemwe m'mimba mwa Elizabeti. Moni wokha udakwanira kudzetsa Mzimu Woyera m'nyumba ya Zakariya.

Chachitatu, Maria adakhala nagwira ntchito. Miyezi 3 m'nyumba ya mayi wachikulire woyembekezera, amene mwamuna wake adali wosalankhula pa nthawiyo, siidali miyezi yokhala pa mpando. Panali madzi oti atungidwe, nkhuni zoti zitoledwe, ufa woti uperedwe. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame akamakamuka amasiya nthaka yonyowa. Mukapita kwa agogo, funsani kumene kuli khasu ndi ndowa. Folerani denga, konzani chimbudzi, aperekezeni ku chipatala, onani ngati mankhwala ao akuwamwa pa nthawi yake. Mlendo amene amangodya nkhuku ya agogo, nkunyamula thumba la mpunga pobwerera, wasiya nyumba ija yosauka kuposa mmene adaipezera.

Chachinayi, m'nyumba ija mudamveka mau otamanda Mulungu. Amayi awiriwo sadakhale pansi kuti ajede anthu a ku Nazareti. Adakambirana zazikulu zimene Mulungu adawachitira. Kucheza kwina kumatenga moto m'nyumba iyi nkukauika pa denga la nyumba inayo. Zimene mwaona m'nyumba ya mbale wanu zikhale pakati pa inu, iye ndi Mulungu, pokhapokha ngati pali moyo wa munthu woti upulumutsidwe. Ndipo musatsanzike musanapemphere pamodzi, ngakhale Atate Athu mmodzi yekha.

INU ACHINYAMATA

Tsopano ndilankhule ndi inu, ana anga, anyamata ndi atsikana. Kalembera yemwe uja wa 2018 adaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'Malawi ndi osakwana zaka 18. Ndiye kuti tikamanena za Eklezia wa ku Karonga ndi ku Chitipa, tikunena za inu. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya kwa achinyamata yotchedwa Christus Vivit, ya m'chaka cha 2019, adaphunzitsa kuti achinyamata asamangouzidwa kuti adikire mawa, popeza Mulungu akuwafuna lero lomwe. Ndipo pamene achinyamata a dziko lonse adasonkhana ku Lisbon mu Ogasiti 2023, mutu wa msonkhano wao udatengedwa pa ndime yomweyi ya ulendo wa Maria.

Ambiri mwa inu mudasankhidwa kukhala atsogoleri: wapampando wa achinyamata pa tchalitchi, mlembi, msungichuma, wotsogolera kwaya, mphunzitsi wa ana pa Sande sukulu, mtsogoleri wa YCS kusukulu. Kodi udindo umenewu mumaumva bwanji? Ena amayesa kuti utsogoleri ndi kukhala kutsogolo pa tsiku la chaka, kugwira chimkuzamau, ndi kukwera galimoto yopita ku msonkhano wa ku parishi. Zimenezi zilipo, koma ndi nthambi chabe. Tsinde la utsogoleri ndi kudziwa anzanu ndi maina ao, kudziwa kumene amagona, ndi kuzindikira msanga mmodzi akasowa.

Masiku atatu akubwerawa, pa 3 Juni, tidzachita chaka cha Amartiri a ku Uganda. Mtsogoleri wao, Charles Lwanga, adali mnyamata wa zaka za m'ma 20, woyang'anira anyamata otumikira ku nyumba ya mfumu Mwanga ya ku Buganda. Mkulu wao, Joseph Mukasa Balikuddembe, ataphedwa pa 15 Novembala 1885, udindo wosamala akristu a m'nyumba ya mfumu udagwera Lwanga, amene adabatizidwa tsiku lomwelo usiku. Iye adawaphunzitsa katekisimu, adawateteza ku zilakolako zoipa za mfumu, ndipo ataona kuti imfa yayandikira, adabatiza yekha anzake ena amene adali asanabatizidwe, pakati pao Kizito, mwana wa zaka ngati 14. Lwanga adatenthedwa pa moto ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Papa Paul VI adawalengeza kuti ndi oyera m'chaka cha 1964. Taonani, ana anga: pa usiku woopsa uja padalibe wansembe m'nyumba ya mfumu. Padali mnyamata amene ankadziwa aliyense wa anzake, ndi amene anzakewo ankamukhulupirira chifukwa makhalidwe ake adali oyera. Inunso, pa tchalitchi chanu cha kumapiri kumene Misa imafika mwa apo ndi apo, muli pa malo a Lwanga.

ONANI, LINGALIRANI, CHITANI

Wansembe wina wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene adayambitsa bungwe la achinyamata apantchito la YCW ndipo adakhala Kardinala m'chaka cha 1965, adasiyira achinyamata njira ya masitepe atatu: kuona, kulingalira mwa kuwala kwa Mthenga Wabwino, ndi kuchitapo kanthu. A YCS mumaidziwa bwino njira imeneyi. Koma kuona sikuchitika muli m'tchalitchi. Kuti muone, muyenera kuyenda. Nchifukwa chake ndikukupemphani kuti kuyendera mabanja kukhale ntchito yoyamba ya gulu lililonse la achinyamata.

Yambani motere. Khalani pansi ndi katekisiti ndi atsogoleri a mphakati wanu, mulembe nyumba zonse zimene muli okalamba okhala okha, odwala, olumala, ana amasiye, ndi anzanu amene adaleka kubwera ku mapemphero. Musasankhe Akatolika okha. Njala ndi matenda sizifunsa mpingo. Gawanani nyumbazo, ndipo muziyenda awiriawiri kapena atatu, monga Ambuye adatumira ophunzira ao pa Luka 10. Muziyenda masana, makolo anu akudziwa kumene mwapita. Mnyamata asalowe yekha m'nyumba mmene muli mtsikana yekha, ngakhale atanyamula Baibulo ndi korona, pakuti mbiri ya gulu lonse imatha kuonongeka tsiku limodzi. Paulo woyera, m'kalata yoyamba kwa Timoteo, adamuuza mnyamata ameneyu kuti asalole munthu kumupeputsa chifukwa cha kuchepa kwa zaka zake. Koma m'kalata yomweyo adamulangizanso kuti amuna achikulire aziwatenga ngati atate ake, amayi achikulire ngati amayi ake, ndi atsikana ngati alongo ake, ndi mtima woyera. Malangizo awiriwa amayendera limodzi.

Musaganize kuti ntchito yotere njochepa. Pa Karonga pomwepo, m'chaka cha 1997, Sisitere Beatrice Chipeta wa chipani cha Rosarian, mphunzitsi wopuma pa ntchito, adayamba kuyenda m'midzi kukambirana ndi anthu za ana amene makolo ao adamwalira ndi Edzi. M'maulendo amenewo mudabadwa bungwe la Lusubilo, dzina lotanthauza chiyembekezo, limene lidathandiza ana zikwizikwi, ndipo m'chaka cha 2010 Sisitereyo adalandira mphoto ya Opus Prize ku America. Ntchito yonseyo idayamba ndi miyendo ndi makutu.

Mukamayenda mudzaona zinthu zina zolemera kuposa msinkhu wanu. Mudzapeza mnzanu amene wayamba kugona pa kachasu ndi chamba. Mudzapeza mnyamata amene wasiya sukulu chifukwa cha ndalama zamsanga za pa malire kapena za pa njinga ya kabaza. Mudzapezanso mtsikana wa Sitandade 7 amene mpando wake m'kwaya wakhala wopanda munthu Lamulungu katatu, ndipo mukafufuza mudzamva kuti akukonzedwa kuperekedwa kwa mwamuna wachikulire pobweza ngongole ya ng'ombe kapena ya ndalama. Mchitidwe umenewu, umene kwanuko mumautcha kupimbira, ndi wosemphana ndi lamulo la Mulungu, chifukwa mwana ndi chifaniziro cha Mulungu, sangakhale malipiro a ngongole. Ndipo Eklezia amaphunzitsa kuti palibe ukwati popanda kuvomera kwaufulu kwa onse awiri. Ndi wosemphananso ndi malamulo a dziko: lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 2017, zidakhazikitsa kuti munthu wosakwana zaka 18 sangakwatire kapena kukwatiwa. Mukaona zotere, musapite kukalimbana ndi makolo nokha, komanso musakhale chete. Uzani katekisiti, bambo mfumu, aphunzitsi aakulu, anyakwawa, kapena ogwira ntchito yoteteza ana. Mtsikana ameneyo ndiye Kizito wanu. Ngati inu simuzindikira kuti wasowa, mwina palibenso wina amene adzazindikire nthawi isanathe.

Ndionjezepo mau awiri okhudza udindo wanu. Loyamba ndi la ndalama. Magulu ambiri a achinyamata amafa chifukwa cha thumba. Mwalima munda wa mpunga pamodzi, mwagulitsa, kenaka ndalama sizioneka mutu wake, ndipo chaka chamawa palibe wobwera ndi khasu. Lembani tambala iliyonse m'buku, muziwerenga poyera pamaso pa onse mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama zisagone m'thumba la munthu mmodzi. Lachiwiri ndi la kusiya mpando. Maria atatha miyezi itatu adabwerera kwao. Mtsogoleri wabwino amaphunzitsa womulowa m'malo nthawi ikadalipo, kuti tsiku limene adzapite ku koleji, ku ntchito kapena ku banja, gulu lisagwe naye.

INU MAKOLO NDI AKULUAKULU A MPINGO

Pomaliza ndibwerere kwa inu, atate ndi amayi, ndi inu a m'makhonsolo a tchalitchi ndi a parishi. Tayang'anani Elizabeti. Iye adali wamkulu, mkazi wa wansembe wa ku Nyumba ya Mulungu, wa fuko la Aroni. Maria adali kamtsikana ka kumudzi wosatchuka. Koma Elizabeti adazindikira chimene mtsikanayo adanyamula, adamulemekeza mokweza mau, ndipo adadziyesa wodala polandira mlendo wotere. Pambuyo pake mpamene Maria adatsegula pakamwa nayimba nyimbo yake yotamanda Mulungu. Wachinyamata amayimba pamene wamkulu wamulandira.

Kodi ife timawalandira bwanji ana athu? M'matchalitchi ambiri achinyamata timawakumbukira pofuna osesa pabwalo, onyamula njerwa ndi ovina pa tsiku lolandira Ambuye Episkopi. Koma pokambirana za ndalama ndi za mapulani a chaka, timawauza kuti adikire panja. Maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, a bungwe la AMECEA, adagwirizana m'zaka za 1973 ndi 1976 kuti miphakati ikhale maziko a moyo wa Eklezia. Komabe m'miphakati yambiri mumapezeka amayi okha ndi abambo owerengeka, achinyamata mulibe, chifukwa sapatsidwa mpata wolankhula. Apatseni malo. Aloleni awerenge Mau a Mulungu, atsogolere pemphero, afotokoze zimene aona m'maulendo ao. Akalakwitsa, alangizeni kumbali, monga mumachitira ndi mwana wa m'nyumba mwanu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Musakhale inu oyatsa moto wowathamangitsa. Ndipo akagogoda pa khomo panu, ngakhale ndi ana a mnansi amene mudayambana naye, atsegulireni. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwina Mulungu watuma anawo kuti alimenso njira imene inu akuluakulu mudaisiya kuti imere udzu.

Inu makolo, tenganinso ana anu popita kukaona abale. Mwana amene sadaonepo bambo ake akugwada pamaso pa agogo, sadzadziwa kugwada pamaso pa bambo akewo akadzakalamba. M'mera mpoyamba.

Abale anga okondedwa, sabata ino isathe musanachite kanthu kamodzi. Usiku uno, musanagone, tchulani pamaso pa Mulungu dzina la munthu mmodzi amene mwakhalitsa osamuona. Ngati ali pafupi, pitani mawa. Ngati ali kutali, ikani tsiku, muuze ndi banja lanu kuti likukumbutseni. Inu atsogoleri a achinyamata, Lamulungu likudzali mukatuluka m'tchalitchi musabalalike. Khalani pansi pa mtengo, mulembe nyumba zija, mugawane.

Tipemphere.

Mulungu Atate athu, Inu mudalimbikitsa Maria Virigo, atanyamula Mwana wanu, kuti akayendere Elizabeti. Yang'anani mabanja a ku Karonga ndi ku Chitipa, ndi mabanja onse a m'dziko lathu. Dalitsani zokolola zao, tetezani asodzi pa nyanja ndi apaulendo pa msewu. Sangalatsani okalamba amene akhala okha, yanjanitsani abale amene adadana, ndipo kumbutsani ana amene ali kutali njira ya kwao. Patsani achinyamata athu mtima wa Charles Lwanga woyera ndi anzake, kuti asamalane ndi kutetezana. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.

Amayi Maria, mutipempherere ife. Amartiri oyera a ku Uganda, mutipempherere ife.

Ambuye akhale nanu. Akudalitseni Mulungu Wamphamvuzonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen. Mugone bwino nonse.